Bawuti Amene Ankaopa a Tcheyamani

Nkhani iyi ana anga amaidziwa theka lokha, ndipo theka limenelo analimva kwa amayi awo, omwe amaikometsera mbali yawo. Lero ndinena yonse. Mumve mmene mwamuna wamkulu, wandevu zake, woimba besi m'kwaya ya mpingo, anaonetsera kumbuyo kwake kwa anthu a Katuli yense masanasana, iye n'kumathokoza Mulungu kuti zatha bwino.

Zinachitika chakumapeto kwa zaka za m'ma sevente, nthawi ya chipani chimodzi. Ine Lameki, mwana wa ku Ntcheu, boma linanditumiza ku Katuli kukayendetsa thirakitala pa siteshoni ya zaulimi. Thirakitala inali imodzi dera lonselo, dalaivala wake n'kukhala ine. Musandifunse mmene ndinkayendera. Ndikamadutsa pamsika mapewa ankakwera okha.

Chaka chimenecho mvula inagwa yambiri, udzu n'kutalika kupitirira munthu. Kenaka tinamva kuti kukubwera nduna kudzaona chitukuko. Bwana wathu, a Nkhoma, anandipatsa ntchito yotchetcha bwalo la msonkhano ndi m'mbali mwa msewu wolowera kumeneko.

Kumbuyo kwa thirakitala tinamangako silasha, chimakina cha mipeni ikuluikulu yozungulira pansi. Mphamvu imachoka pa thirakitala, pamalo amene timati PTO, n'kudzera mu shafuti kukafika ku mipeniyo. Pamene shafuti imagwirana ndi silasha pali bawuti mmodzi wofewa. Ameneyo anamupanga dala kuti azithyoka mipeni ikamenya mwala kapena chitsa, kuti giyabokosi isaonongeke. Zimenezi ndinkazidziwa bwino, kusukulu ya madalaivala ndinakhoza ine.

Vuto linali lakuti bawuti wanga ankathyoka popanda mwala, popanda chitsa, thirakitala itangoima.

Tsopano ndikuuzeni za Che Jafali. Anali tcheyamani wa chipani m'dera lathu, telala wa pamsika, bambo wamfupi wokonda kuseka. Nkhanza analibe, ndisawanamizire. Komabe masiku amenewo ngakhale tcheyamani woseka unkamusamala, chifukwa liwu lake limodzi linkafika ku boma msanga kuposa basi. Bambo ameneyu thirakitala ankaikonda moti sindingathe kufotokoza. Akangomva injini ikulira ankasiya malaya a eni ake pamakina osokera, kukwera njinga, kulondola phokoso mpaka atandipeza.

Ine kwathu anandilera bwino. Munthu wamkulu, makamaka wachipani, sumulonjera utakhala pansi, komanso sumulonjera m'phokoso. Anthu wamba ndinkangowabayibitsa ndikudutsa. Koma ndikaona Che Jafali akubwera ndinkaimitsa thirakitala, kudikira kuti mipeni ikhale chete, ndipo akafika pafupi n'kukweza dzanja, ine nyamu pampando, chipewa m'manja.

Thwa!

Tsiku loyamba tinaseka tonse awiri. Ndinatsika, kutola zidutswa, kuika bawuti wina, iwo atandigwirira sipanala mokondwa ngati ndawapatsa mphatso. Kachiwiri tinasekabe, koma pang'ono. Pofika kumapeto kwa sabata panalibenso woseka. Che Jafali ankayang'ana zidutswa za bawuti m'dzanja langa, kenaka n'kuyang'ana ine nthawi yaitali ndithu, n'kukwera njinga yawo osatsanzika.

Ndinayamba kufufuza monga anatiphunzitsira. Ndinayenda bwalo lonse wapansi kutola miyala, mpaka amayi opita kudambo ankafunsana ngati adalaivala ayamba kudwala mutu. Ndinakweza silasha kuona ngati mpeni wapindika kapena waya wakulungana. Ayi ndithu. Ndinasolola shafuti, kuitsuka ndi dizilo, kuipaka girizi mpaka inkaterera ngati mlamba. Ndinaganiza kuti mwina yatalika, ikugundana mkati ndikakweza silasha, ndiye ndinaidulako pang'ono ndi hakiso. Ndinayang'ana ngati yakhota. Ndinayang'ana bowo la bawuti ngati lakula. Ndimange nati kwambiri, wathyoka. Ndimange pang'ono, wathyoka. Ndinafika potukwana azungu amene anapanga mabawutiwo, anthu oti sanandilakwire kanthu.

A Nkhoma anali munthu woopa njoka ndi chitedze, m'tchire sankapondamo wamba. Koma tsiku lina anavala majombo n'kukhala pa madigadi, chitsulo chophimba tayala, pambali panga kuyambira m'mawa mpaka nthawi ya nkhomaliro. Silasha inadya udzu bwinobwino, bawuti osagwedezeka. Anatsika akunena kuti makina alibe vuto lililonse, ndisamawataitse nthawi. Atangokhota kuseri kwa ofesi, njinga ya Che Jafali balamanthu. Dzanja m'mwamba.

Thwa!

Apa m'pamene mutu wanga, womwe uja unakhoza mayeso, unatulutsa yankho. Miyala ayi, shafuti ayi, girizi ayi. Chinthu chimodzi chokha chinkapezekapo nthawi zonse bawuti akamathyoka, ndipo chinthucho chinkabwera panjinga.

Ndinauza mayi akunyumba, amake Gilesi, kuti bambo uyu ali ndi kanthu m'dzanja lake lija. Iwo anandifunsa kuti telala angadane ndi thirakitala chifukwa chiyani. Ndinati mwina ali ndi mphwake amene akusirira ntchito yangayi. Mphwake ameneyo sindinamuonepo, sindinamvepo ngakhale dzina lake, koma pofika madzulo ndinali nditadana naye kale.

Ndinayesa kuwathawa. Ndinkanyamuka m'mamawa kukatchetcha kutali, kumapeto kwenikweni kwa msewu. Koma thirakitala si chinthu chobisala nacho. Dzuwa likangokwera ndinkaona kadontho koyera kakubwera chapatali, kakupalasa mwakhama. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwauza a Nkhoma zimene ndinkaganiza. Bwana anadzuka pampando, kusuzumira panja, kubwerera, n'kunena kuti mawu amenewo ine sindinanene, iwonso sanamve.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti nawo Che Jafali anali atawerengera zawo. Tsiku lonse ankamva thirakitala ikulira bwinobwino, koma chipani chikangofika kudzaona ntchito, mnyamata wa ku Ntcheu akuithyola pamaso pawo. Pamsika nkhani inagawika pawiri. Ogulitsa usipa ankati tcheyamani akulodza chitukuko. Okhala pakhonde la telala ankati dalaivala akunyoza chipani. Ndikadutsa, magulu onse awiri ankakhala chete.

Ndinaganiza zolimbana nawo ndi chitsulo. M'mbali mwa msewu wa ku Namwera munali giredala yosalazira misewu, yakufa kale, yomera udzu m'matayala. Ndinakamasulako bawuti wakuda, wolimba, woti hakiso imangoterera. Kusukulu anatichenjeza kuti zimenezi tisadzayerekeze, bawuti wa pa shafuti azikhala wofewa basi. Koma aphunzitsi athuwo sanakumanepo ndi Che Jafali.

Mawa lake linali Lachisanu. Che Jafali anatulukira atavala mkanjo woyera mbee, akupita kumzikiti. Ndinaimitsa, mipeni zii. Mumtima ndinati lero tionana. Dzanja m'mwamba, ine nyamu.

Bawuti sanathyoke, zoona. Chinathyoka ndi kolosi, kachitsulo kamtanda kamene kamalola shafuti kupindika polumikizira. Kunamveka chiphokoso ngati mfuti, thirakitala yonse n'kudumpha, shafuti n'kuyamba kukwapula pansi ikuzungulira, matope ali balala. Kachidutswa kena kanauluka n'kukathyola masipoko a njinga. Pamene ndinkazimitsa injini, Che Jafali anali chafufumimba m'ngalande, mkanjo uja utafiira ndi dothi.

Anadzuka pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Adalaivala," anatero, "ine ndinakulakwirani chiyani?"

Inenso funso langa kwa iwo linali lomwelo. Ananyamula njinga yawo paphewa n'kumapita, kumzikiti osapitanso.

Madzulo ake a Nkhoma anandiitana, kutseka chitseko, kutsekanso zenera. Analankhula monong'ona. Anati akuluakulu achipani ku boma ayamba kufunsa za thirakitala ya ku Katuli, ndipo wina watchula liwu lachingerezi lakuti sabotage, kutanthauza kuwononga dala ntchito ya boma. Achinyamata a lero simungamve kulemera kwa liwu limeneli. Ife tinali pafupi ndi malire, boma la Mangochi linkayang'aniridwa ndi maso awiri, ndipo munthu akangotchedwa woukira, galimoto inkabwera kudzamutenga, achibale n'kumaopa ngakhale kufunsa kumene wapita. A Nkhoma anati pulogalamu yatuluka kale. Pa tsikulo nduna idzaonerera thirakitala ikutchetcha, ndiye tisiye dala chigawo cha udzu kutsogolo kwa shedi ya alendo. Chikadzathyoka chilichonse pamaso pa nduna, iwo sadzandidziwa.

Kunyumba ndinapeza amake Gilesi akuchapa bulangeti langa lokhuthala, pomwe nyengo yozizira inali isanafike. Ndinazindikira kuti n'loti ndidzapite nalo kundende. Ndinachita mantha, abale, mantha enieni. Ana anali aang'onoang'ono, womaliza akuyamwa, ndipo kwathu kunali kutali.

Ndinanyamula shafuti kupita nayo ku boma kuti akaike kolosi wina ndi kuwotcherera pamene panang'ambika. Pobwerera, lole imene ndinakwera inawira pokwera mapiri a Chowe, tonse n'kutsika kudikira kuti izizire. Ndinakhala pansi pa mtengo shafuti ili pamiyendo ngati mwana wodwala. Mayi wina wogulitsa chinangwa chophika anandifunsa chimene chandikwinyitsa nkhope chonchi. Ndinafotokoza osatchula dzina la munthu. Iye anangondilozera ndi mlomo kanjira kolowera m'chimanga, n'kunena kuti kumeneko kuli bambo wodziwa zinthu zotere.

Ine woimba besi, amene ndinkadzudzula anzanga pa nkhani za asing'anga, ndinayang'ana uku ndi uku, n'kulowa kanjirako nditasenza shafuti.

Ndinkayembekezera nkhalamba ya mikanda ndi zikopa. Ndinapeza bambo wa msinkhu wanga womwe, wovala malaya a nayiloni, akumvera wailesi pakhonde. Anamvetsera nkhani yonse, kugwiragwira shafuti, kununkhiza girizi. Kenaka anati chitsulo chilibe mlandu. Mdani wanga sakufuna chitsulo, akufuna kundizula pampando, choncho mankhwala ayenera kupita pampando pomwepo. Kunena zoona, mawu amenewa anandikomera, chifukwa ankagwirizana ndi za mphwake uja. Anandipatsa kachitini kodzaza ndi zinthu zakuda, zolimba, zonunkha utomoni ndi phula. Anati m'mawa wa tsikulo ndikazifewetse pamoto, ndipake pamene ndimakhala, ndipo mkazi asadziwe.

"Pang'ono pokha," anandichenjeza ndikunyamuka. "Kansonga ka chala."

M'mawa wa tsikulo ndinaganiza za galimoto ija, ndinaganiza za ana, n'kuona kuti kansonga ka chala n'kochepa pa vuto ngati langa. Ndinakhuthula chitini chonse. Mpando wa thirakitala unali wachitsulo, wolowa ngati mbale, wopanda khushoni. Ndinapaka paliponse, mankhwala n'kuuma gwa, kunyezimira ngati polishi. Pa shafuti ndinaika bawuti wofewa woyenera, womaliza m'bokosi. Kenaka ndinavala buluku la suti yanga ya ukwati, lomwe kumbuyo linali litayamba kutha, n'kukwera.

Anthu anadzaza bwalo. Ana asukulu, mafumu, mashehe, abusa, asodzi obwera ndi lole kuchokera kunyanja, aliyense khadi lake lachipani m'thumba. Amayi anaima kumbuyo kwa thirakitala atavala nsalu zachipani zokhala ndi nkhope ya mtsogoleri wa dziko, amake Gilesi ali momwemo, chifukwa kuvina sikunali kofunsa ngati ukufuna. Ine anandiuza kuti ndisatsike, nduna ikhoza kufika nthawi iliyonse. Nduna yoti ifika m'mawayo inafika dzuwa litapendeka. Nthawi yonseyo ndili pampando, dzuwa kumwamba, chitsulo chikutentha pansi. Ndinamva kufunda kwina kwachilendo, konyowanyowa, ndipo ndinati eya, mankhwala ayamba kugwira ntchito.

Zolankhula zitatha anandipatsa chizindikiro. Ndinatchetcha mzere woyamba, udzu ukugona bwino, n'kudzaima patsogolo pa alendo monga tinapanganira. Ndinaponda kilatchi, kuchotsa giya, mipeni zii. Nduna inatuluka m'shedi kudzaona makina pafupi, munthu wamtali wa suti yakuda, kumbuyo kwake amuna awiri a magalasi akuda osaseka. Ndipo pambali pake, Mulungu wanga, Che Jafali. Nkhope yawo inali yotuwa ngati yanga yomwe. Nduna inazungulira n'kukaima pafupi penipeni ndi silasha, nsapato zikukhudza chitsulo. Che Jafali anakweza dzanja.

Ndinati ndinyamuke. Sindinanyamuke. Ndinayesanso mwamphamvu, ndipo pansi panga ndinamva ulusi ukuyamba kuduka. Ndinabwerera msanga. Buluku ndi mpando zinali zitakwatirana.

Tangoganizani. Bwalo lonse laimirira, mafumu aimirira, ndi nkhalamba za ndodo zomwe, ndiye munthu mmodzi yekha, wokayikiridwa kale, wakhala pamwamba akuyang'ana nduna paliwombo. Nyimbo ya amayi inazima yokha. Ndinavula chipewa, kuweramira pachiwongolero mpaka mphuno kugunda. Nduna inalankhula, koma injini inali pamwamba, sindinamve. Ndinatsitsa moto mpaka injini inangotsala kung'ung'udza.

"Ndati, bwanji simukuimirira?"

Amuna a magalasi aja anasendera. A Nkhoma anayamba kuyang'ana mitambo. Ndinafunafuna bodza, lililonse, ndipo maso anga anagwera paphazi langa lamanzere, limene linali likupondabe kilatchi.

"Pepani bwana," ndinatero. "Ndikaimirira, phazi ili lichoka pa kilatchi mwadzidzidzi, ndipo PTO sindinachotse. Mipeni idzuka ndi mphamvu yonse, inu muli pomwepo."

Ndinamva mawu anga omwe akutuluka, ndipo maso anga anatseguka. Ndinkafuna kunama, koma ndinali nditanena zoona. Masiku onse aja, ndikaona Che Jafali ndinkaponda kilatchi kuti mipeni ikhale chete, moto uli pamwamba, PTO ili m'malo mwake. Kenaka nyamu kukalonjera, phazi n'kuchoka, injini n'kukoka mipeni yolemera ija kamodzin'kamodzi. Bawuti wosaukayo ankangogwira ntchito yake, kupulumutsa miyendo ya tcheyamani tsiku ndi tsiku. Panalibe mfiti, panalibe woukira. Panali ine ndi phazi langa.

Nduna inayang'ana nsapato zake, kuyang'ana silasha, n'kubwerera m'mbuyo mofulumira kuposa mmene munthu wa suti amayendera. Kenaka inaseka. Inati dziko likufuna madalaivala oterewa, oganizira moyo wa anthu, ndipo ndipitirize. Amuna a magalasi anabwerera m'malo mwawo. A Nkhoma anasiya mitambo n'kuyamba kugwedeza mutu ngati anandiphunzitsa ndi iwo.

Ndinatulutsa phazi pang'onopang'ono, mpweya nditaugwira. Mipeni inayamba kuzungulira mwaulemu, ine n'kumawonjezera moto pang'onopang'ono. Bawuti anakhala. Abale, chimwemwe chimene ndinamva pamenepo sindinachimvepo ngakhale tsiku la ukwati. Ndinatchetcha chigawo chonse, kubwerezanso pomwe ndatchetcha kale, misozi ikutsika. Amayi anadzutsa nyimbo, nthungululu zili pakamwa, ndipo Che Jafali ankawomba m'manja pamwamba pa mutu, akudumpha ndi miyendo yawo yonse iwiri.

Ndinabwerera pamalo anga, kuchotsa PTO bwinobwino, kuzimitsa injini. Maganizo anga anali oti ndikhala pomwepo mpaka anthu onse abalalike, ndidzaone zochita. Koma a Nkhoma, omwe tsopano ankandidziwanso, anabwera akuthamanga kudzanena kuti nduna ikufuna kundigwira chanza. Ndinawanong'oneza kuti sindingathe kutsika. Anati injini yazima, chowiringula palibe, ndisawachititse manyazi.

Ndinagwira chiwongolero ndi manja awiri, kutsinzina, n'kukoka.

Kwee!

Mankhwala a ku Chowe sanasiye kanthu. Kumbuyo konse kwa buluku kunatsala pampando, pamodzi ndi kabudula wam'kati, ndipo kamphepo ka ku Mozambiki kanandipeza pamalo pomwe sikanandipezepo.

Nduna ndi alendo anali kutsogolo kwanga, sanaone kanthu. Amayi anali kumbuyo. Nthungululu zinaduka pakati, n'kusanduka phokoso lina lomwe sindifuna kulikumbukira. Nditangoponda pansi, amake Gilesi anatulukira m'gulu ngati mphezi, kumasula nsalu yawo yapamwamba n'kundikulunga nayo m'chiuno. Ndinapuma. Ndinati mkazi ndi uyu.

Che Jafali anali atabwera kudzanditenga, akumwetulira koyamba chichitikire cha m'ngalande chija. Anazungulira kumbuyo kwanga kuti aone chimene amayi akuseka, ndipo kumwetulira kuja kunatha. Nsalu imeneyi pathupi la mayi wovina inali yunifolomu. Koma mwamuna kutsekera nayo chibowo cha buluku, nkhope ya mtsogoleri itagwera ndendende pamalo omata phula, amuna a magalasi ali apo, imeneyo inali nkhani ina. Anaisolola msangamsanga isanamatike, kuipinda mwaulemu n'kuwabwezera amayi.

"Walahi, adalaivala, bola aone matako," anandinong'oneza. "Matako okha sanamangitsepo munthu."

Tinayamba ulendo wopita kushedi, iwo ali kumbuyo kwanga kuyesa kunditchinga, koma ndanena kale kuti anali bambo wamfupi, ndipo analinso wowonda. Tikuyenda choncho anandiuza monong'ona kuti nawonso sankagona tulo, chifukwa ku boma anawauza kuti ngati n'zoona kuti tcheyamani akulodza chitukuko, galimoto ija idzatenga anthu awiri. Anati andikhululukira za njinga. Ndinati inenso ndawakhululukira, iwo n'kufunsa kuti pa chiyani, ine n'kungofulumira kuyenda.

Pafupi ndi shedi anayenera kundisiya kukaima pamalo awo. Chipewa chikanandithandiza, koma munthu wamkulu umamupatsa moni ndi manja awiri, lamanzere litagwira pamkono. Ndinachiika pansi. Ndinawerama, ndipo powerama m'pamene bwalo lonse linalandira gawo lake, kuyambira ana asukulu mpaka asodzi a palole. Nduna inkangoona anthu akugwirana m'mapewa, ena atakhala pansi, inkati ndi chisangalalo cha chitukuko.

Tsopano pobwerera. Nduna sindikanaifulatira, pa zifukwa ziwiri zimene mukuzidziwa. Ndinayamba kuyenda chammbuyo, pang'onopang'ono, manja pamodzi, kulunjika kwa amayi aja. Zimenezi zinaikhudza kwambiri nduna. Inatenga chimkuzamawu n'kunena kuti ulemu wotere ukusowa masiku ano, mnyamata uyu ngakhale pochoka safuna kufulatira atsogoleri, aliyense amuyang'anitsitse kuti atengerepo phunziro. Kenaka inafunsa mokweza, monga ankachitira pamisonkhano:

"Anthu a Katuli, mwamuona?"

"Tamuonaaa!"

Ndakhala pa misonkhano yachipani yambiri m'moyo mwanga, koma yankho lochokera pansi pa mtima ngati limenelo sindinalimvenso.

Tsiku limenelo ndinagona m'nyumba mwanga, chafufumimba chifukwa cha phula, amake Gilesi akundipala ndi parafini uku akundifunsa mafunso ovuta, koma m'nyumba mwanga, ana anga akupuma pambali.

Ulemu ndi wabwino, abale anga, koma muziyamba mwachotsa PTO.